Zisudzo za Agiriki Zinabadwira pa Mwambo



Ana athu akamawerenga zisudzo za Agiriki akale, ambiri amaziona ngati nthano wamba za mafumu okangana. Koma zisudzozi zinabadwira pa mwambo wa chipembedzo, ndipo wosadziwa mwambowo amaphonya tanthauzo lake.

Chaka chilichonse chakumapeto kwa Malichi, mzinda wa Athens unkachita chikondwerero cha Dionysus, yemwe Agirikiwo ankamutenga ngati mulungu wa vinyo. Ankanyamula fano lake, kupha ng'ombe za nsembe, ndipo magulu a amuna ankayimba ndi kuvina. Aristotle analemba kuti zisudzo zachisoni zinachokera kwa otsogolera nyimbo zimenezi. Mbiri imati cha m'ma 534, Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, Thespis ndi amene anayamba kuima payekha n'kumayankhana ndi gulu loyimba.

N'chifukwa chake m'zisudzozi muli gulu loyimba lomwe limadandaula, kulangiza ndi kupemphera. Ochita sewero anali amuna okhaokha ovala zigoba kumaso. Alembi atatu ankapikisana, ndipo nkhani zambiri ankazitenga m'nthano zomwe oonerera ankazidziwa kale.

Taonani sewero la Sophocles lotchedwa Antigone. Mfumu Creon ikuletsa kuika maliro a Polynices, koma mlongo wake Antigone akuwaza dothi pa mtembowo ngakhale akudziwa kuti aphedwa. Kwa Agiriki, wakufa wosaikidwa sankapeza mpumulo, ndipo kumusiya pamtunda kunali kulakwira milungu. Tikachotsa chikhulupiriro chimenechi, Antigone amangooneka mtsikana wamakani.

Ngakhale akatswiri anapunthwa pomwepa. Buku la Aristotle lonena za ndakatulo linamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad ndi Abu Bishr Matta, yemwe anamwalira mu 940. Poti Aarabu a nthawiyo analibe zisudzo zotere, sewero lachisoni analitcha ndakatulo yotamanda, ndipo loseketsa analitcha ndakatulo yonyoza. Ibn Rushd wa ku Cordoba anatsata zomwezo pofotokozera bukuli.

Makolo ena amadandaula kuti mabukuwa ali ndi milungu yonama. Kudziwa zomwe anthu ena ankakhulupirira si kuzipembedza. Choncho ophunzira athu, mukatsegula sewero lachigiriki, yambani mwafunsa: anthuwa ankaopa chiyani, ndipo akufa awo ankawachitira zotani?