Mapepala Ofunika kwa Mkazi Wotsata Mwamuna Wake ku Britain

Kale, m'masiku a Wenela ndi Mthandizi, mwamuna ankapita yekha ku Joni kapena ku Halale, mkazi ndi kutsala pamudzi kulima ndi kulera ana. Ena sanabwerenso, ndiwo aja timati matchona. Lero ana athu ena ali ku Britain, ndipo lamulo la kumeneko limalola munthu kuitana mkazi wake kapena mwamuna wake. Koma chilolezo sichituluka popanda mapepala, ndipo ena a mapepalawo ayenera kukonzedwa kuno kwathu.

Poyamba dziwani kuti si aliyense angathe kuitana mnzake. Njira imene tikunenayi ndi ya munthu amene ali nzika ya Britain, kapena amene analoledwa kukhazikika kumeneko. Olembedwa ntchito yosamala okalamba kuyambira pa 11 March 2024 saloledwa kutenga mabanja awo. Tsono funsani mwana wanu mtundu wa chilolezo chake musanagulitse mbuzi.

Pepala lalikulu ndi mtchatho wa ukwati. Ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati ndithu, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limauvomereza. Koma kalaliki wa ku Britain sadziwa ankhoswe anu. Iye afuna kuona pepala. Chotero pitani kwa Bwana D.C. mukafunse za kalembetsedwe ka ukwatiwo. Onse awiri akhale a zaka 18 kapena kupitirira, ndiponso akhale oti anaonanapo maso ndi maso. Wamitala adziwe kuti adzaloledwa mkazi mmodzi yekha. Zithunzi za tsiku la ukwati, makalata, ndi malisiti a ndalama zimene mwamuna amatumiza, zonsezi sungani, pakuti ndizo mboni zakuti banjalo ndi loona.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa maina. Mkazi mmodzimodziyo kutchalitchi anamulemba Maliya, kusukulu Mary, pachitupa cha unzika dzina la bambo ake, papasipoti dzina la mwamuna wake. Chaka chobadwa nachonso chimasiyana, chifukwa makolo ankangokumbukira kuti mwana anabadwa chaka cha njala kapena nyengo yokolola. Kwa ife izi n'zazing'ono. Kwa wowerenga mapepala, amenewa ndi akazi awiri. Yalani mapepala onse pamphasa, mwana wa sukulu awerenge chilembo ndi chilembo, ndipo cholakwika mukachikonzetse ku ofesi imene inachilemba. Musafufute nokha ndi cholembera ai. Pepala lolembedwa m'Chichewa liyenera kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira amene adzasainapo dzina lake.

Za ndalama ndi mbali ya woitanayo. Kuyambira April 2024 ayenera kulandira mapaundi 29,000 pachaka; kale anali 18,600. Amaonetsa mapepala a malipiro a miyezi 6, a kubanki a miyezi yomweyo, ndi kalata ya abwana ake. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pa tsiku lopereka pempho. Ng'ombe za m'khola ndi chimanga cha m'nkhokwe saziwerengera, ngakhale zichuluke chotani.

Mkaziyo ali ndi mayeso awiri. Ena ndi a Chingerezi, kulankhula ndi kumva chabe, pa mlingo woyambirira wotchedwa A1. Kuti ku Malawi timaphunzira Chingerezi kusukulu sikumupulumutsa. Ena ndi a chifuwa chachikulu, pa chipatala chokhacho chimene Boma la Britain linavomereza. Kalata ya chipatalayo imatha mphamvu pakapita miyezi 6, chifukwa chake musafulumire kuitenga zina zisanakonzeke. Pempho limalembedwa pa intaneti, kenaka mkazi amapita ku Lilongwe kukadinda zala ndi kujambulidwa. Zikayenda bwino amalandira chilolezo cha zaka 2 ndi miyezi 9, chimene amawonjezera ali komweko.

Ife alangizi timaona mbewu zambiri zitaonongeka ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo mapepala nawo amaonongeka chimodzimodzi. Musawasomeke kudenga kapena kuwaika pansi pa mphasa. Akulungeni m'pulasitiki, muwatsekere m'chitini chouma, ndipo pepala lililonse mulijambulitse kawiri, lina likakhale kwa mbale wina.