Za Lamba Womanga Pantchafu ya Wodwala

Pa ntchito yathu ya mafizo, palibe chodzidzimutsa abale a wodwala koposa kutiona tikumanga lamba wopopa mpweya pamwamba pa ntchafu ya munthu amene wangochotsedwa chikhakha, pakuti tonsefe tidakula tikudziwa kuti mwazi uyenera kuyenda mosatsekerezedwa, ndipo wouletsa akuitanira chiwalo imfa. Mantha amenewa ali ndi maziko, chotero ndiloleni, inu owerenga olemekezeka, ndilongosole chimene lambayo amachita.

Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Luso limeneli lidachokera ku Japan, kumene m'chaka cha 1966 mnyamata wina, Yoshiaki Sato, atagwada nthawi yaitali pa mwambo wa Chibuda wokumbukira akufa, adamva akatumba a m'miyendo yake atatupa ndi kuchita dzanzi monga momwe ankachitira akamanyamula zitsulo. Adayamba kudzimanga yekha mopanda muyeso, kufikira adagonekedwa m'chipatala mwazi woundana utamfika m'mapapo. Koma mu 1973, atathyoka mwendo, adagwiritsa njira yomweyo mosamala kuti minofu isafote, ndipo pambuyo pake adaitcha Kaatsu.

Mitsempha yotenga mwazi kuchokera kumtima ndi yochindikala ndipo mwaziwo umathamangamo mwamphamvu, pamene yobweza mwazi kumtima ndi yopyapyala, yosavuta kuifinya. Tsono lamba akapopedwa pa muyeso wake, mwazi umalowabe m'mwendo pang'onopang'ono koma umavutika kutuluka, monga mkokomo wa madzi pamlatho wopapatiza nthawi ya dzinja. Mpweya wabwino ukachepa, timinofu timene timagwira ntchito zopepuka timatopa msanga, ndipo thupi limakakamizika kudzutsa minofu ikuluikulu imene nthawi zonse imadikira katundu wolemera. Taonani phindu lake: mnofu umene ukadafuna magawo 70 pa 100 a kulemera kumene munthu angathe kunyamula kamodzi kokha, umakula ndi magawo 20 kapena 30 okha. Kwa gogo wa mawondo ophwanya, kapena wopangidwa opaleshoni amene fupa lake silingasenze katundu, chimenechi ndi chisomo chachikulu, ndipo n'chifukwa chake chipatala cha asilikali cha ku San Antonio, ku America, chidaitenga njirayi pothandiza ovulala kunkhondo.

Nanga mtima ndi mitsempha? Popeza mwazi wobwerera wachepa, mtima umagunda mofulumira, ndipo BP imakwera kuposa mmene ikadakwerera ndi katundu yemweyo popanda lamba. Tikamasula, mwazi umasefukira m'chiwalo, khungu nilifiira ndi kufunda, ndipo pali umboni wakuti zimenezi zikabwerezedwa kwa milungu ingapo, timitsempha ting'onoting'ono ta m'mnofu timachuluka. Za kuundana kwa mwazi, kafukufuku wa ku Japan wa mu 2006, wa anthu oposa 12,000, adapeza kuti vutoli silidafike ngakhale munthu mmodzi pa 1,000, chinkana mikwingwirima pakhungu idali yofala. Komatu anthuwo ankamangidwa ndi ophunzitsidwa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ndimayamba ndapopa lamba pang'onopang'ono ndikumvetsera kugunda kwa mtsempha wa pakakolo ndi kachipangizo ka Doppler, kufikira nditapeza mpweya umene umaimitsiratu mwazi mwa munthu ameneyo, pakuti ntchafu ya wonenepa ndi ya woonda sizifanana. Kenaka ndimapopa magawo 40 kufikira 80 pa 100 a muyeso umenewo, ndipo pamkono ndimachepetsa. Wodwala amawongola mwendo ka 30, kenaka ka 15 katatu, akupuma masekondi 30 pakati, ndipo pakatha mphindi zowerengeka lamba amamasulidwa. Amayi oyembekezera, anthu amene mwazi udawaundanapo, a BP yosatsika ndi mankhwala, ndiponso odwala sickle cell, matenda amene saali achilendo pakati pathu, sindiwamanga konse.

Mtima umandipweteka ndikaona anyamata onyamula zitsulo atadzikulunga mphira za chubu cha njinga chifukwa adaonera pa foni. Safunsa adadya phula. Mphira yopyapyala ilibe muyeso, imadya malo amodzi, ndipo ingafinye mtsempha womvera kufikira dzanja litalefuka kwa milungu. Pomwe mnyamata wamphamvu zake, wokhoza kunyamula zolemera, angakuze minofu yomweyo popanda kumanga kanthu.