Oyilo ndi madzi zikasakanikirana, musathamangire kumasula hedi

Ku Ashburn, m'boma la Loudoun ku Virginia, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pakati pa mzinda wa Washington, kuli zinyumba zikuluzikulu zopanda mawindo zomwe zadzaza ndi makompyuta oyendetsa intaneti. Kuseri kwa zinyumbazi kwandandalika majenereta a dizilo, ndipo m'dera lonselo alipo masauzande. Ntchito yawo yaikulu ndi kudikira. Pa 10 Julayi 2024, nthambo ina ya magetsi itachita vuto, malo otere pafupifupi 60 anadzichotsa pa magetsi a anthu onse n'kuyamba kudalira mphamvu zawo zosungira, ndipo magetsi amene anasiya kukoka nthawi imodzi anali pafupifupi mamegawati 1,500, kuposa kawiri amene Malawi yense amapanga. Kumalo ngati amenewa, jenereta yokana kulira ndi nkhani yoti munthu angachotsedwe nayo ntchito. N'chifukwa chake ndi koyenera kuona mmene amisiri osamala amachitira ndi vuto limene limazunguza amakaniko kulikonse, ku Ashburn ngakhale ku Kanengo: oyilo wa injini akasakanikirana ndi madzi oziziritsa. Mfundo yanga ndi yakuti vutoli limadziulula lokha kumene lachokera, ndipo wothamangira kumasula hedi asanayeze kalikonse amakhala akuwononga ndalama za mwini makina.

M'injini ya dizilo, oyilo ndi madzi zimayenda m'njira zoyandikana kwambiri, pena zolekanitsidwa ndi kachitsulo kopyapyala kapena kamphira basi. Malo amene zingakumane ndi ochepa: mu oil cooler, momwe madzi amaziziritsira oyilo, pa gasiketi ya hedi, mu hedi kapena buloko yong'ambika, ndiponso, pa injini zazikulu zomwe masilinda ake ndi malaina ozunguliridwa ndi madzi, pa timphira totseka kunsi kwa laina kapena pa laina yomwe yabooka. Chothandiza kusiyanitsa malowa ndi mphamvu ya kukankha. Injini ikamayenda, pampu imakankha oyilo ndi mphamvu ya mabaa 3 kapena 4, pamene chivindikiro cha rediyeta chimasunga madzi pa baa 1 kapena kucheperapo. Choncho oil cooler ikabooka, wamphamvu ndi oyilo, ndipo ndiye amalowa m'madzi: mukatsegula rediyeta mupeza zonandanda zakuda kapena zotuwa zikuyandama pamwamba, pamene pa dipisitiki oyilo akuoneka bwinobwino, kungoti akuchepa. Koma mukapeza kuti madzi ndiwo akutsika, oyilo akukwera pa dipisitiki ndipo wasanduka ngati tiyi wamkaka, maganizo apite ku malaina, ku gasiketi kapena ku mng'alu. Pali kanthu kamodzi koyenera kukumbukira. Injini ikazima, mphamvu ya oyilo imagwa nthawi yomweyo kufika pa ziro, pamene madzi otentha amakhalabe othinikizika kwa kanthawi, ndiye bowo lomwe lija la mu oil cooler limatha kulowetsanso madzi pang'ono mu sampu. Kupeza zosakanikirana mbali zonse ziwiri sikutanthauza kuti injini yang'ambika.

Amakaniko ambiri anganene kuti zaka zawo zonse pa ntchito, oyilo akayera, gasiketi ndiyo imakhala itapsa. Sakunama, koma zambiri zimene aona ndi za magalimoto ang'onoang'ono omwe anatentha pamsewu madzi atatha. Jenereta yodikira imakhala moyo wina. Malamulo a bungwe la EPA ku America amalola jenereta yotere kuyenda maola osapitirira 100 pa chaka poyesedwa ndi pokonzedwa, ndiye nthawi yambiri imakhala chiimire, kahita kakutenthetsa madzi ake usana ndi usiku kuti isadzavute kulira. Imakalamba ndi dzimbiri, ndi mphira zouma, ndi mankhwala a m'madzi amene atha mphamvu, osati ndi kuthamanga. Ndiponso gasiketi yopsa ili ndi zizindikiro zake zosavuta kuyeza: thovu lotuluka m'rediyeta injini ikuyenda, mapaipi a madzi olimba gwa injini itangolira kumene, utsi woyera wonunkhira motsekemera. Pali ngakhale kabotolo ka mankhwala abuluu komwe amaika pakamwa pa rediyeta, ndipo mankhwalawo amasintha mtundu ngati utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi. Zonsezi zikasowa, kumasula hedi ndi kungolota.

Ndondomeko yanzeru imayamba ndi zotsika mtengo. Choyamba n'kuzimitsa injini osailizanso. Ikakhala itaima usiku wonse, masulani pang'ono bawuti ya pansi pa sampu: madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndiye ngati alimo, ndiwo ayambe kudontha. Kenako pamabwera kapampu ka pamanja kamene amamanga pakamwa pa rediyeta n'kupopa mpaka mlingo wolembedwa pa chivindikiro, osapitirira, n'kumayang'ana ngati muvi wa geji ukutsika. Ukatsika popanda kudontha kwa panja, oil cooler ichotsedwe, itsekedwe makomo ake, ipopedwe mpweya ili m'beseni la madzi otentha, chifukwa timing'alu tina timatseguka chitsulo chikatentha. Thovu likatuluka, wolakwa wapezeka popanda kukhudza hedi. Likapanda kutuluka, amagwetsa sampu, n'kupopanso madzi, munthu n'kugona pansi ndi tochi kuyang'ana kunsi kwa silinda iliyonse. Dontho lotsika kunja kwa laina limaloza timphira. Lotsika mkati, kudutsa pa pisitoni, limaloza laina yobooka, gasiketi kapena hedi. Apo mpamene sipanala ya hedi imayenera kugwiridwa, ndipo hediyo iyezedwe ngati siinapindike kapena kung'ambika musanaikepo gasiketi yatsopano.

Nthawi zina palibe chabooka n'komwe. Jenereta yolizidwa mphindi zochepa popanda katundu sitentha mokwanira, ndiye chinyezi cha mumpweya chimasanduka madzi mkati n'kusiya zoyera kunsi kwa chivindikiro cha oyilo. Chilimwe cha ku Washington n'chachinyezi kwambiri, ngati Nkhotakota nthawi ya dzinja. Kusatentha mokwanira kumeneku n'chimodzi mwa zifukwa zimene malangizo a ku America a NFPA 110 amafunira kuti jenereta yodikira iziyendetsedwa mwezi uliwonse kwa mphindi zosachepera 30 itasenza katundu. Chosiyanitsa chinyezi ndi kudontha kwenikweni ndi kuyeza oyilo ku labotale, komwe amafufuza glycol, sodium ndi potassium, zinthu zomwe zimachokera m'mankhwala a madzi oziziritsa ndipo zimaoneka diso lisanaone kanthu.

Apa wina ati: izo ndi za makampani olemera a ku Ashburn, ife a pachigayo ndi pachipatala cha kumudzi labotale tiipeza kuti? N'zoona kuti kuyeza kotere si kwa aliyense, koma dipisitiki, beseni, tochi ndi kope lolembamo mlingo wa madzi sabata iliyonse sizifuna ndalama zakunja. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene kwathu timachiphonya kwambiri chifukwa choti kulibe chisanu. Ku Virginia madzi amaundana nyengo yozizira, ndiye palibe angayerekeze kuthira madzi okhaokha. Amasakaniza theka madzi theka glycol, zomwe siziundana mpaka madigiri pafupifupi 37 pansi pa ziro. Kwathu ambiri amangotunga pa mjigo n'kuthira. Koma kulanti, amene ndi madzi osakanizawa, ali ndi ntchito inanso. Dizilo akamaphulika m'silinda, laina imanjenjemera, ndipo kunja kwake kumabadwa timathovu tating'onoting'ono tomwe timaphulika pachitsulo n'kumachikumba pang'onopang'ono mpaka kubooka. Mankhwala a mu kulanti wa injini zazikulu, monga nitrite, amakuta chitsulocho kuti chisadyeke. Madzi a pa mjigo alibe zimenezo, ndipo amabwera ndi mchere wawo. Malaina ambiri obooka amaphedwa ndi chidebe cha madzi, ndipo m'miyezi ya kuthimathima kwa magetsi, monga ija ya namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, majenereta amayenda maola ochuluka moti kukumbikako kumafulumira.

Chiyeso chomaliza ndi chija choti tingosintha oyilo, tithire mankhwala otseka mabowo, ntchito ipitirire. Mankhwalawo sangalimbane ndi oyilo wokankhidwa ndi mabaa 4, ndipo amatha kutseka tinjira ta rediyeta ndi ta hita. Glycol akalowa mu oyilo amapanga phala lomwe limatseka fyuluta, ndipo amadya mabeyaring'i a kirankishafuti. Injini imatha kunoka m'maola ochepa. Oyilo naye akakhala m'madzi amafufumitsa mapaipi a mphira mpaka kufewa. Choncho bowo likatsekedwa ntchito siinathe: rediyeta ndi buloko zitsukidwe mobwereza ndi sopo wosachita thovu mpaka madzi atuluke oyera, mapaipi ofewa ndi themositati zisinthidwe, oyilo ndi fyuluta zisinthidwe kawiri motsatizana, ndipo ngati madzi anakhalitsa mu sampu, mabeyaring'i aonedwe.

Anthu a ku Washington akudziwa mtengo wa jenereta yodalirika pamaso pokha. Usiku wa pa 29 Juni 2012, chimphepo chamkuntho chitathimitsa magetsi a anthu mamiliyoni, majenereta a kampani ya Verizon ku Arlington ndi ku Fairfax analephera, ndipo nambala yoimbira pa ngozi ya 911 inasiya kugwira ntchito m'maboma a Fairfax ndi Prince William. Ku Arlington vuto silinali oyilo ndi madzi ayi, unali mpweya umene unalowa m'njira ya dizilo. Koma lipoti la mu Januwale 2013 la bungwe la FCC, loona za matelefoni ku America, linapeza kuti zambiri mwa zolepherazo zikanapeweka, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho bungwelo linakhazikitsa malamulo oti makampani oyendetsa 911 azitsimikizira chaka ndi chaka kuti mphamvu zawo zosungira zilipo ndipo zikuyesedwa.