Mtima wa Mlimi Ufunika Kusamalidwa

Alimi anzathu, ng'ombe ikayamba kutsimphina mumaiona msanga, ndipo mbewu zikachita chikasu simugona tulo. Koma mtima wanu munaupimitsa liti? Mwini munda akagwa ndi sitiroko nthawi yokolola, banja lonse limagwa naye, ngongole ya feteleza ili chikhalire.

Ambiri amati matenda a mtima ndi a mabwana a m'tauni. Si zoona. Kafukufuku wa m'Malawi muno wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Matendawa sapweteka poyamba. Amadya munthu ngati chiswe mu mzati.

M'chaka cha 2023 madokotala anasanthula mbiri ya anthu oposa 1.5 miliyoni a m'maiko 34. Anapeza kuti kuposa theka la matenda a mtima ndi sitiroko limachokera ku zinthu zisanu: kuthamanga kwa magazi, kusuta, matenda a shuga, kunenepa kwambiri ndi mafuta oipa m'magazi. Zonsezi munthu angathe kuzichepetsa.

Yambani ndi mchere. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi. Werengani nokha: pa banja la anthu 6, paketi ya kilogalamu imodzi iyenera kupitirira mwezi. Ngati ikutha pa masabata awiri, mukudya wochuluka. Ku China anayesa m'midzi 600, anthu ena napatsidwa mchere wosakaniza ndi potaziyamu. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti sitiroko inatsika ndi 14 pa 100. Potaziyamu ali m'nyemba, nthochi, mbatata ndi masamba, zimene mumalima nokha. Choncho musagulitse nyemba ndi mtedza wonse. Siyaniko za pakhomo.

Chachiwiri ndi fodya. Ena amati ndudu imodzi pa tsiku ilibe kanthu. Kafukufuku wa ku London wa 2018 anapeza kuti ndudu imodziyo imabweretsa pafupifupi theka la ngozi ya mtima imene amakhala nayo wosuta 20. Chingambwe nachonso sichisiyana. Kuchepetsa sikukwanira, lekani.

Ntchito ya khasu ndi njinga zimalimbitsa thupi, koma sizichotsa kuipa kwa mchere, fodya ndi kachasu. Munthu wowonda ndi wamphamvu angathenso kukhala ndi BP.

Tsono mukalandira ndalama za zokolola, yambani mwadzera ku chipatala pamodzi ndi akunyumba kwanu. Kupima sikutenga mphindi 5. Akakupatsani mankhwala, imwani tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino. Inu eni maesiteti, apatseni matenanti anu tsiku lokapimitsa chaka chino chisanathe.