Kugona Osapuma: Tulo, Kutopa Kosatha ndi Ululu wa M'thupi

Kodi munagonapo usiku wonse koma n'kudzuka m'mawa thupi lili lolemera ngati mwachezera kukumba dambo? Zoterezi zikachitika tsiku limodzi kapena awiri palibe chodandaulitsa. Koma pali anzathu ena amene moyo wawo ndi womwewo tsiku ndi tsiku. Akagona tulo sitibwera msanga, tikabwera timadukizadukiza, ndipo kukamacha msana, miyendo ndi mapewa zimakhala zikuwawa. Kusukulu amasinza, kumunda amatsalira, kumpira anasiya kubwera. Kunyumba amatchedwa aulesi, ena amati analodzedwa, ndipo ena amangonong'onezana kuti ali ndi kachilombo, chikhalirecho palibe amene anawaperekeza kuchipatala.

Vutoli si ulesi ayi. Akatswiri a zaumoyo akhala akufufuza za tulo kwa zaka zambiri, ndipo apeza kuti kusowa tulo, kutopa ndi ululu n'zinthu zoyendera limodzi. Ndi bwino kuti ife achinyamata tizidziwe zimenezi kuti tithe kudzithandiza ndiponso kuthandiza anzathu.

Kodi tikagona chimachitika n'chiyani?

Ambiri timaganiza kuti munthu akagona ubongo umazima ngati nyali. Si choncho. M'chaka cha 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa yunivesite ya Chicago ku America anapeza kuti pali nthawi ina usiku pamene maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira ngakhale zikope zili zotseka. Nthawi imeneyi ndi pamene timalota kwambiri, ndipo madokotala amaitcha REM.

Tulo tili ndi magawo. Timayamba ndi tulo topepuka, tija munthu amadzidzimuka chitseko chikangolira. Kenaka timalowa m'tulo tofa nato, pamene mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo thupi limakonza minofu yomwe yagwira ntchito masana. Pambuyo pake pamabwera tulo tamaloto tija. Ulendo umodzi wotere umatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo umabwerezedwa maulendo 4 mpaka 6 usiku umodzi. Tulo tofa nato timachuluka chigawo choyamba cha usiku, pamene tamaloto timachuluka m'bandakucha.

Akatswiri a za tulo ku America amalangiza kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo wamkulu azigona maola osachepera 7. Komabe kuchuluka kwa maola pakokha sikokwanira. Munthu akhoza kukhala pamphasa maola 9 koma ngati china chake chikumudula tulo pafupipafupi, sapuma mokwanira.

Tulo amatiyeza bwanji?

Kuyeza tulo kumene madokotala amakutcha polysomnography kumachitika usiku m'chipinda chapadera cha kuchipatala. Wodwala amafika madzulo ndi zovala zake zogonera. Amamumata timawaya pamutu toona mmene ubongo ukugwirira ntchito, pambali pa maso, pachibwano, pachifuwa ndi m'miyendo. Pamphuno amaika kachipangizo koyeza mpweya umene ukulowa ndi kutuluka, pachifuwa ndi pamimba amamanga malamba ofewa, ndipo pachala amapanikiza kachipangizo koyeza okosijeni m'magazi. Palibe jakisoni, palibe kubaya, ndipo timawaya timeneti sitigwira munthu ngati magetsi. Zonse zimalembedwa mu kompyuta kufikira m'mawa.

Vuto lalikulu limene makinawa amaligwira ndi la kubanika kutulo, lotchedwa sleep apnoea. Munthu akagona, njira ya mpweya kummero imatsekeka ndipo amasiya kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposa. Ubongo umamudzidzimutsa pang'ono kuti apume, iye osadziwa. Zikamachitika maulendo 5 mpaka 14 pa ola, vutolo ndi laling'ono, koma zikafika maulendo 30 pa ola ndiye kuti ndi lalikulu. Munthu wotere amaliza mkonono kwambiri, amadzuka mutu ukuwawa ndipo amasinza masana. Limakonda anthu onenepa kwambiri, komanso ana amene ali ndi zotupa za kummero zikuluzikulu. M'chaka cha 1981, dokotala wa ku Sydney m'dziko la Australia, Colin Sullivan, anafalitsa njira yothandizira vutoli pogwiritsa ntchito makina opopera mpweya m'mphuno otchedwa CPAP, omwe akugwirabe ntchito mpaka lero.

Makinawa amagwiranso vuto la miyendo imene imangopalasa yokha usiku n'kumadula tulo. Vutoli limapezeka kawirikawiri mwa anthu amene madzulo amamva kunyerenyesa m'miyendo mpaka kufuna kumangoigwedeza, ndipo nthawi zina gwero lake ndi kuchepa kwa mchere wa ayironi m'thupi.

Ululu umaba tulo, kusowa tulo kumakulitsa ululu

Aliyense amadziwa kuti dzino likamawawa tulo sitibwera. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kusagona nakonso kumabweretsa ululu.

M'chaka cha 1975, dokotala wa ku Toronto m'dziko la Canada, Harvey Moldofsky, ndi anzake anayeza tulo ta anthu amene ankamva kuwawa thupi lonse, matenda amene lero amatchedwa fibromyalgia. Anapeza kuti ngakhale anthuwo ali m'tulo tofa nato, ubongo wawo unkaonetsa zizindikiro zofanana ndi za munthu amene ali maso. Kenaka anatenga kagulu ka anthu athanzi, n'kumawasokoneza ndi phokoso nthawi iliyonse akamalowa m'tulo tofa nato. Patapita masiku owerengeka, nawonso anayamba kumva kuphwanya m'thupi ndi kutopa. Atawalola kugona bwinobwino, ululuwo unatha.

Kafukufuku wina wa ku Norway amene anatuluka mu 2012 anatsata amayi oposa 12,000 kwa zaka pafupifupi 10. Amayi amene ankavutika kugona kawirikawiri anali pachiopsezo choposa katatu chodwala fibromyalgia poyerekeza ndi anzawo ogona bwino. Ndipo mu 2019, akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley anayesa achinyamata athanzi 25 powaika kachipangizo kotentha pamwendo. Atachezera usiku umodzi wokha osagona, anayamba kumva kuwawa msanga, pa kutentha kumene dzulo lake ankakupirira.

Apa mpamene pagona vuto. Ululu ukalanda tulo, thupi limamva ululu kwambiri tsiku lotsatira, ndipo usiku wake tulo timasowanso. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati ululu umene watha miyezi yoposa 3 ndi ululu wokhalitsa, wofunika chithandizo pawokha. Nkhani yabwino ndi yakuti kukonza kagonedwe kumathandiza anthu ambiri kuti ululu ucheperepo.

Kutopa kumene sikutha ndi kupuma

Pali matenda ena otchedwa ME/CFS, amene chizindikiro chake chachikulu ndi kutopa kosatha. Kawirikawiri amayamba munthu akangochira matenda ena oyambitsidwa ndi mavairasi, ndipo ena mwa anthu amene anadwala COVID-19 anatsala ndi vuto lofanana nalo. Mu 2015, bungwe la Institute of Medicine la ku America linafotokoza zizindikiro zake motere: kulephera kugwira ntchito zimene munthu ankagwira kale kwa miyezi yoposa 6, kudzuka wotopa ngakhale wagona, ndi kudwalika kwambiri pambuyo pogwira kantchito kochepa. Pamwamba pa izi pamakhala kuiwalaiwala ndi kulephera kuganiza bwino, kapena chizungulire munthu akaimirira.

Chizindikiro chachitatucho tichimvetse bwino. Wodwala akhoza kupita kukatunga madzi lero, mawa kapena mkuja n'kulephera kudzuka. N'chifukwa chake kumukakamiza kuti “alimbe mtima” n'kumathamanga ndi anzake kukhoza kumupweteka. Mu 2021, bungwe la NICE limene limapereka malangizo a zachipatala ku England linasiya kulimbikitsa njira yowonjezera masewera olimbitsa thupi mwandondomeko kwa odwala otere. M'malo mwake limati wodwala aphunzire kudziwa malire a mphamvu zake, azigawa ntchito pang'onopang'ono ndi kupuma asanafike polefuka.

Kuyeza tulo sikungatsimikize kuti munthu ali ndi ME/CFS kapena fibromyalgia. Ntchito yake ndi kuona ngati pali vuto lina lobisika, monga kubanika kutulo, lomwe lingachizidwe. Choncho makina akapanda kupeza kanthu, sizitanthauza kuti wodwalayo akunama.

Nanga amene ali ndi kachilombo ka HIV?

Kutopa si chizindikiro chakuti munthu ali ndi kachilombo ka HIV. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa magazi. Komabe vuto la tulo ndi lofala pakati pa anzathu amene ali ndi kachilomboka. Akatswiri amene anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana mu 2015 anapeza kuti anthu pafupifupi 58 mwa 100 alionse amene ali ndi HIV amadandaula za kusagona bwino.

Zifukwa zake n'zingapo. China ndi nkhawa, makamaka kwa amene angomva kumene zotsatira kapena akusalidwa. China ndi dzanzi ndi kuyaka kwa mapazi, komwe kumakula usiku. Vutoli linali lofala m'masiku a mankhwala a stavudine, amene dziko la Malawi linasiya kuwagwiritsa ntchito, koma likhozanso kubwera chifukwa cha kachilombo komweko, shuga, mowa, kapena mankhwala a TB a isoniazid. N'chifukwa chake isoniazid amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Mankhwala a efavirenz amadziwika ndi maloto achilendo ndi chizungulire, makamaka masabata oyambirira. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'dziko muno anasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe ndi amphamvu ndipo ambiri amawayanja, ngakhale owerengeka amasowa nawo tulo.

Ngati zimenezi zikukuchitikirani, musasiye kumwa mankhwala ndipo musadumphitse tsiku. Kusiya ma ARV kumapatsa mpata kachilombo kuti kachulukane ndi kuyamba kupima mankhwala mphamvu. Kafotokozeni kuchipatala. Nthawi zina kungosintha nthawi yomwera, kuchoka usiku kupita m'mawa, kumathetsa vutolo, koma zimenezi muchite mogwirizana ndi adokotala.

Popanda makina tingatani?

Zipinda zoyezera tulo zimapezeka m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg ndi Cape Town, osati pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu. Tisataye mtima. Anthu ambiri osowa tulo safunika makinawa, ndipo zambiri zimene zimatopetsa achinyamata kuno kwathu zimayezeka pafupi: kuchepa kwa magazi, malungo, likodzo, TB, shuga, HIV ndi mimba. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa nawonso amalanda tulo ndi mphamvu, ndipo ali ndi chithandizo.

Tengani kope, ndipo kwa masabata 2 muzilemba nthawi imene mwagona, maulendo amene mwadzidzimuka, nthawi imene mwadzuka, pamene pakuwawa, ndi zimene munamwa madzulo. Funsani m'bale amene mumagona naye chipinda chimodzi ngati mumaliza mkonono, kubanika kapena kupalasa miyendo. Kope limeneli mupite nalo kuchipatala. Ngati mukusowa tulo masiku 3 pa sabata kwa miyezi 3, nthawi yodikira yatha. Koma ngati pali kuonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, chifuwa chosatha kapena maganizo ofuna kudzipha, pitani lero lomwe.

Nazi zina zimene zingathandize:

• Muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu, ndipo muziona kuwala kwa dzuwa m'mawa.
• Pewani khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu kuyambira masana. Pakatha maola pafupifupi 5, theka la kafeini limakhala likadali m'magazi.
• Foni muiike patali nthawi yogona ikakwana.
• Tulo tikakana, dzukani mukhale phee pamalo a mdima pang'ono, mubwerere pogona mukayamba kusinza.
• Gonani m'neti. Udzudzu umaba tulo ndi kubweretsa malungo.
• Pa nthawi ya mayeso, musachezere mutaviika mapazi m'madzi ozizira. Ubongo umasunga zimene mwawerenga pamene mukugona.

Chenjerani ndi njira zachidule. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku ndipo umakulitsa kubanika. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amazolowereka m'thupi mpaka munthu kulephera kugona popanda iwo. Kumwa Brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku popanda malangizo kukhoza kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, ndipo amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir ayenera kusamala koposa. Mu 2016, bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti chithandizo choyamba kwa akuluakulu osowa tulo kwa nthawi yaitali chikhale uphungu wosintha kaganizidwe ndi zizolowezi za kagonedwe, osati mapiritsi.

Udindo wa kalabu yathu

Mutu umodzi susenza denga. Mnzathu amene akuvutika chonchi amafuna choyamba munthu womukhulupirira. Tisamuseke akasinza pamsonkhano, ndipo tisamupekere matenda. Timuperekeze kuchipatala, timukopereko notsi akajomba, timupatse ntchito imene angaigwire atakhala pansi, monga kulemba zokambirana kapena kusunga kaundula. Ngati makolo ake sakumvetsa, tipemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti akacheze nawo.

Zokambirana pa msonkhano wotsatira

1. Kodi aliyense wa ife wagona maola angati usiku wathawu? N'chiyani chimatichedwetsa kugona?
2. Kodi kwathu kuno anthu amati chiyani za wachinyamata amene amangokhala wotopa? Mawu amenewo amamuthandiza kapena amamubweza m'mbuyo?
3. Mnzanu atakuuzani kuti akufuna kusiya ma ARV chifukwa akumusowetsa tulo, mungamuyankhe bwanji?
4. Konzani sewero lalifupi loonetsa wachinyamata akufotokozera adokotala vuto lake la tulo pogwiritsa ntchito kope lija.