Kapikiapu ka theka la tani: matumba khumi basi

Alimi ambiri akangogulitsa fodya kapena soya, maso amathamangira ku kagalimoto ka pikiapu. N'zoona kamathandiza: kukatenga feteleza kudepoti, kupititsa tomato kumsika, ngakhale kuthamangira kuchipatala ndi wodwala usiku. Koma kodi pakatha zaka khumi kadzakhala kakuyendabe, kapena kadzasanduka chogonamo nkhuku kuseri kwa nkhokwe?

Titenge chitsanzo cha Nissan 1400, kamene ambiri amangoti Datsun. Kanayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 ndi dzina loti Datsun 1200, ndipo anasiya kukapanga mu 2008. Injini yake ndi yosavuta: ilibe kompyuta, imagwiritsa ntchito kabyuleta, ndipo mkati muli tcheni osati lamba. Makaniki wa pa tireding'i senta amaidziwa bwino. Choncho chimene chimapha kagalimotoka kawirikawiri si injini ayi, koma katundu.

Kanapangidwa kuti kazinyamula pafupifupi theka la tani. Kunena mwachimvekere, amenewo ndi matumba khumi a chimanga olemera makilogalamu 50 lililonse, kapena mabelo asanu a fodya. Mukakweza matumba makumi awiri, n'kukhazika anthu anayi pamwamba, kadzanyamuka ndithu, ndipo inu mudzati ndapulumutsa mafuta a ulendo umodzi. Koma zitsulo za masipuling'i akumbuyo zimayamba kuwongoka mpaka kuthyoka, kalachi imapsa pamtunda, matayala amatentha n'kuphulika, ndipo mabuleki sagwira msanga potsetsereka. Zoipa zake sizioneka tsiku lomwelo. Zimadzatulukira pamodzi m'mwezi wa Januwale, m'thumba mulibe kanthu. Amene mumaganiza zochita matola, werengerani: anthu akuluakulu asanu ndi atatu ndi akatundu awo, malire akwana kale.

Mdani wachiwiri ndi feteleza. Urea kapena CAN akatayikira m'bodi n'kukumana ndi chinyezi, amadya chitsulo mofulumira. Yalani lona musanakweze, ndipo mukatsitsa sesani ndi kutsuka ndi madzi ambiri. Dzinja likatha chotsani matope ouma kunsi, chifukwa dzimbiri limayambira komweko. Injini itha kukonzedwa kangapo, koma chasisi ikaola palibenso galimoto.

Pamisewu yathu yafumbi, sinthani oyilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse, osadikira kuti ade ngati phula. Sefa ya mpweya muziiona pafupipafupi m'chilimwe. Fumbi likalowa m'injini limapala mkati ngati mchenga. M'mawa uliwonse onani madzi a m'radiyeta injini isanatenthe. Muvi wosonyeza kutentha ukakwera, imani pomwepo. Kukakamira kuti "ndafika kale" kwaphetsa mainjini ambiri.

Tsono za ndalama. Galimoto imadya ngakhale itaima, pakuti inshulansi ndi satifiketi ya COF sizidikira nyengo yokolola, batire nalo limafooka likangokhala. Gulani kope la sukulu, muzilembamo mafuta, zipangizo ndi ndalama iliyonse ya hayala. Pa ulendo uliwonse patulani kangachepe ka matayala ndi makaniki. Mnansi akapempha kuti mumutengere chimanga, musamuwerengere petulo yekha.

Pogula kogwiritsidwa kale ntchito, musakopeke ndi penti. Pitani ndi makaniki wanu, gwadani muone kunsi ngati chasisi inawotchereredwapo, ndipo yerekezani nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zimene zalembedwa m'bulubuku musanatulutse ndalama.