Paini ndi Maple: Zoyenera Kudziwa Posankha Mtengo Wobzala Pakhomo

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo chaka chilichonse. Nyengoyi ikamayandikira, mabanja ambiri m'mawodi a boma la Dedza amayamba kulingalira za mitengo yoti abzale pakhomo. Ena maso awo amakhala pa paini, popeza amauona ukuchita bwino m'phiri la Dedza ndi m'nkhalango ya Chongoni. Ena, makamaka amene anayendako kunja kapena amene amaona zithunzi pa intaneti, amasirira mtengo wa maple, umene masamba ake amafiira ngati moto. Mitengo iwiriyi njosiyana kwambiri, ndipo kuiyerekeza kumathandiza mwinikhomo kudziwa zoyenera kuganizira asanakumbe dzenje.

Maple ndi wa kumayiko ozizira

Pali mitundu ya maple yoposa 120, ndipo yambiri imamera yokha ku Asia, ku Ulaya ndi kumpoto kwa America. Mu Africa imapezeka mwachilengedwe kumpoto kokha, m'mapiri a Atlas ku Morocco ndi ku Algeria. Tsamba lake lotambasuka ngati chikhatho ndi lomwe lili pa mbendera ya dziko la Canada kuyambira mu 1965. M'dzikolo, makamaka m'chigawo cha Quebec, alimi amaboola thunthu la mtundu wina wa maple n'kukha madzi otsekemera, amene amawawiritsa mpaka atakhuthala ngati uchi. Pamafunika malita pafupifupi 40 a madziwo kuti papezeke lita imodzi yokha. Madziwa amatuluka pokhapokha usiku kukamazizira mpaka madzi kuundana, masana n'kumafundako.

Anthu akumeneko amakonda maple pakhomo chifukwa umasintha ndi nyengo. Kukatentha umapereka mthunzi waukulu. Kukayamba kuzizira masamba ake amasanduka achikasu kapena ofiira, kenako amayoyoka onse, motero dzuwa limafika pakhonde pa nthawi imene likufunika. Masambawo sachedwa kuwola ndipo amasanduka manyowa.

Vuto ndi lakuti ubwino wonsewu umadalira nyengo ya kwawo kwa mtengowo. Dedza ndi wozizira ndithu, koma kuzizira kwa Juni ndi Julayi n'kochepa poyerekeza ndi kwa ku Canada, kumene chipale chimakuta nthaka kwa miyezi ingapo. Komanso mitundu yambiri ya maple imafuna dothi lachinyezi chaka chonse, pamene kuno mvula imasiya kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Dzuwa la mu Okutobala limawaula masamba ake opyapyalawo ngati mtengo suthiriridwa. Ngakhale ku Johannesburg, kumene mitundu ina ya maple inabzalidwa m'misewu, mitengo yambiri yauma chifukwa cha kachilombo koboola mitengo ngati nankafumbwe, kamene kanapezeka koyamba ku South Africa mu 2017.

Paini ndi mlendo amene anazolowera

Paini nayenso si wakuno. Mtundu wofala m'mapiri, wotchedwa Pinus patula, unachokera ku Mexico, ndipo wina wotchedwa Pinus kesiya, umene umapirira malo ofundirako, unachokera kumwera chakum'mawa kwa Asia. Kusiyana kwake ndi maple n'kwakuti paini anapeza kuno nyengo yofanana ndi ya kwawo: malo okwera, ozizirira ndiponso a mvula yambiri. N'chifukwa chake anabzalidwa ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa m'mapiri a Viphya, kumene nkhalango yake inafika mahekitala pafupifupi 53,000.

Paini amakula mowongoka, sayoyola masamba onse pakamodzi, ndipo amatha kutalika mamita 30. Phindu lake lalikulu ndi matabwa, amene amachekedwa mtengo ukakwana zaka zapakati pa 20 ndi 30. Banja lobzala paini mwana akabadwa limadzapeza matabwa a denga kapena ndalama mwanayo akamadzafuna kumanga nyumba yake.

Komabe zimene zimamukometsa m'nkhalango ndi zomwezo zimene zimavuta pakhomo. Masamba ake onga singano amachedwa kuwola, ndipo amaunjikana pansi n'kuuma. Popeza mtengowu uli ndi utomoni wambiri, zinyalalazo zimayaka msanga m'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala, pamene moto wolusa umachuluka. Nyumba ya udzu kapena nkhokwe imene ili pafupi imakhala pangozi. Chachiwiri, paini wamtali akakhala yekha pa dothi losaya kapena lolowa madzi amatha kuzulidwa ndi mphepo yamkuntho n'kugwera nyumba kapena mawaya a magetsi. Chachitatu, ndiwo zamasamba ndi chimanga sizichita bwino pansi pake chifukwa cha mthunzi wa chaka chonse ndi mizu yolimbirana madzi. Ndiponso paini akadulidwa chitsa chake sichiphukira monga amachitira bulugama, choncho mwini wake amayenera kubzalanso.

Malo oyenera mtengo uliwonse

Kuyerekeza kumeneku kukusonyeza kuti pakhomo pamafunika mitengo ya ntchito ziwiri zosiyana. Pali mtengo wa mthunzi ndi manyowa, umene umakhala pabwalo, ndipo pali mtengo wa matabwa, umene malo ake ndi kumunda wa mitengo kapena m'nkhalango ya m'mudzi.

Paini ndi wa ntchito yachiwiriyo. M'madera okwera monga Bembeke, Chongoni ndi pafupi ndi boma, angabzalidwe motalikirana mamita 2.5 mpaka 3, kutali ndi nyumba pa mtunda woposa msinkhu umene adzafike akakula. Mbande zake zimakula bwino ngati m'machubu mwasakanizidwa dothi lotengedwa pansi pa mapaini akale, chifukwa dothilo limakhala ndi bowa wosaoneka ndi maso amene amathandiza mizu kupeza chakudya. Mvula ikangosiya, munda wa paini uyenera kulambulidwa m'mbali monse kuti moto usalowe. Kuchigwa cha kunyanja, monga ku Mtakataka ndi ku Golomoti, n'kotentha kwambiri moti paini sachita bwino.

Ntchito ya maple, nayo, ilipo mitengo yakuno imene imaigwira popanda kuthirira. Mombo ndi tsamba, mitengo ya m'nkhalango zachilengedwe, imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala imaphuka masamba ofiira amene amakongoletsa mapiri. Maple amafiira masamba akamafa, pamene mitengo iyi imafiira masamba akamabadwa. Popeza imakula pang'onopang'ono, nzeru ndi kusamalira imene yamera kale pamalopo ndi zitsa zimene zikuphukira. Kuchigwa, msangu ndi wopambana chifukwa umayoyola masamba m'dzinja, n'kuthira chonde m'munda popanda kutchinga dzuwa pa chimanga, ndipo umapereka mthunzi m'chilimwe. Mbawa imakonda malo achinyezi ndipo imakula kwambiri, motero imafuna bwalo lalikulu. Pakhomo pochepa malo, mitengo ya zipatso monga mapichesi, mapeyala ndi masuku kumtunda, kapena mango kuchigwa, imapereka mthunzi ndi chakudya pamodzi.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mtengo wobzalidwa pamalo olakwika sudziwika msanga, koma pakatha zaka 15 mwini wake amalipira odula, amakonzetsa denga, kapenanso amakangana ndi mnansi chifukwa cha nthambi zodutsa malire. Asanagule mbande, anthu okhala m'mawodi akulimbikitsidwa kufunsa mlangizi wa zankhalango wa m'dera lawo kapena komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi za mitundu yoyenera dothi ndi mvula ya kwawo. Ndi bwinonso kukumba maenje mvula isanayambe, kubzala nthaka ikangonyowa mokwanira, ndi kutchingira mbande iliyonse kuti mbuzi zisaidye.